FOTE KAPENA FOTINI: ZIMENE MANAMBALA A CHIHEBERI ANANDICHITA

Inu a mu mpingo, ndi inu anzanga a pa msika amene muwerenga izi diso limodzi lili pa foni lina pa katundu, mtendere ukhale nanu. Lero ndalemba zambiri, mundikhululukire. Kasitomala akabwera mugulitseni choyamba, mudzapitiriza pambuyo.

Ndifuna tikambe za manambala a m'Chiheberi, chilankhulo chimene pafupifupi Chipangano Chakale chonse chinalembedwamo. Ndidziwa ena mwayamba kale kuseka kuti a Reader lero asowa chokamba. Yambani mwamva chimene chinandifikitsa kumeneko.

Ambiri mudziwa kuti mkati mwa sabata ndigulitsa nyemba ndi nshawa. Pali amayi ena a kumudzi, amasiye, amene amandibweretsera nshawa zosenda kale. Sindilipira pomwepo. Tilemba m'buku, mwezi ukatha ndiwapatsa ndalama zawo. Tachita motero zaka zingapo popanda mkangano.

Tsiku lina ndinali ku maliro, pa malonda ndinasiya muphwa wanga. Amayi aja anaimba foni. Netiweki inali kudukaduka, ndipo pafupi nane azimayi anali kuimba. Ndinamva kuti, "Atate, nasiya mameda fo..." Khutu langa linamaliza lokha kuti fotini. Ndinalemba 14 pa kapepala, madzulo ndinakopera m'buku.

Mwezi utatha anabwera. Ndinawapatsa ndalama za mameda 14. Anaziwerenga kawiri, nati, "Atate, ni izi chabe? Ine ninasiya fote." Ndinatsegula buku ndi kuwalozera ndi chala. Iwo sukulu sanapite nayo patali. Anayang'ana buku, anayang'ana ine, nati, "Ngati mwalemba ndimwe a ku tchalitchi, ndiye kuti ndine ninasokoneza." Anamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, napita.

Patapita masiku atatu muphwa wanga, osadziwa za nkhaniyi, anatchula kuti amayi aja anasiya masaka anayi odzaza. Inu a malonda mudziwa kuti mameda 14 sadzaza masaka anayi. Ndinadziwa pomwepo kuti wolakwa ndine. Ndipo ndinakhala chete masabata atatu. Ndalama za mameda 26 zinali zitalowa kale mu oda ina, ndipo mtima unali kundinyengerera kuti, "Sunabe iwe, unamva molakwa chabe."

M'masabata omwewo ndinali kupitiriza kachizolowezi kanga ka usiku. Wansembe wina wopuma anandisiyira buku lakale lophunzitsa Chiheberi. Ana akagona ndiwerenga tsamba limodzi, ndi kumvetsera pa foni mmene eni ake atchulira mawuwo. Mutu umene ndinafikapo unali wa manambala.

Choyamba chimene mupeza ndi chakuti nambala iliyonse kuchoka pa 1 kufika pa 10 ili ndi mawu awiri. M'Chiheberi dzina la chinthu chilichonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, ngakhale tebulo kapena mwala, ndipo nambala imatsatira. Taonani, loyamba ndi la zachimuna, lachiwiri la zachikazi:

1 ekhad, akhat
2 shnayim, shtayim
3 shlosha, shalosh
4 arba'a, arba
5 khamisha, khamesh
6 shisha, shesh
7 shiv'a, sheva
8 shmona, shmone
9 tish'a, tesha
10 asara, eser

Ife izi siziyenera kutidabwitsa kwambiri. Timati anthu awiri, mbuzi ziwiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Mwana wa zaka zinayi salakwitsa. Tifanananso pa nambala yoyamba: m'Chiheberi cha lero manambala ena onse amabwera patsogolo pa chinthu, koma 1 imabwera pambuyo. Amati ish ekhad, monga ife tinenera mwamuna mmodzi. Nambala 2 ikafika pafupi ndi chinthu imafupika: shnei banim, ana aamuna awiri, shtei banot, ana aakazi awiri.

Manje apa ndi pamene pali msampha. Mawu ambiri achikazi m'Chiheberi amathera ndi a. Mnyamata ndi yeled, mtsikana ndi yalda. Mfumu ndi melekh, mfumukazi ndi malka. Ndiye munthu uganiza kuti shlosha, popeza yathera ndi a, ndi ya akazi. Ai. Kuchoka pa 3 kufika pa 10 zinatembenuka. Ana aamuna atatu ndi shlosha banim, ana aakazi atatu ndi shalosh banot. Zili ngati pa ukwati mwapeza abambo onse avala zitenje, amayi avala majekete. Chiarabu, chimene ndi chibale cha Chiheberi, chichitanso chimodzimodzi.

Tanthauzo lake ndi lakuti simungatsegule pakamwa kutchula nambala musanayang'ane chimene muwerenga. Muyenera kudziwa choyamba: ndi ana aamuna kapena aakazi, ndi masiku kapena zaka. Masiku atatu ndi shlosha yamim, zaka zitatu ndi shalosh shanim. Pokhapo ngati muwerenga manambala okha opanda chinthu, monga nambala ya foni kapena ya basi, ndi pamene anthu a ku Israel lero amangotenga achikazi aja: akhat, shtayim, shalosh.

Ndinaika buku pansi pang'ono. Ine ndinali ndi 14 yolembedwa bwino ndi bolopeni, koma masaka sindinawayang'ane.

Musaganize kuti eni chilankhulo savutika nalo lamuloli. Ndalama ya ku Israel ndi shekel, ndipo shekel imodzi ili ndi ma agora 100, monga kwacha ndi ngwee. Liwu lakuti shekel ndi lachimuna, agora ndi lachikazi. Mwa lamulo uyenera kunena shlosha shkalim, asara shkalim, koma eser agorot. Pitani pa msika wa Mahane Yehuda ku Jerusalem kapena wa Carmel ku Tel Aviv, mukamva ogulitsa akufuula shalosh shekel, eser shekel. Atenga liwu lalifupi, lachikazi, naliika pa shekel, osavutika ndi kuchulukitsa. Aphunzitsi amadandaula nazo, ndipo bungwe loyang'anira chilankhulochi, Academy of the Hebrew Language, limene linakhazikitsidwa mu 1953, likali kugwira lamulo lakale. Koma msika uli ndi changu chake.

Ine sindingawaseke. Boma linachotsa maziro atatu pa kwacha pa 1 January 2013, koma mpaka lero alipo amene amati faifi pini akutanthauza K5. Pa msika timadula mawu, ndipo palibe mlandu malinga ngati wogula ndi wogulitsa amva chinthu chimodzi. Wogula pa Mahane Yehuda akamva shalosh shekel atulutsa zitatu, palibe waluza. Vuto liyamba pamene kachidutswa kamene kagwa ndi kamene kanyamula ndalama za munthu.

Liwu lakuti shekel lichokera ku shakal, kutanthauza kuyeza pa sikelo. Kale kusanakhale makobidi, siliva anali kumuyeza, ndipo shekel unali muyeso wa pafupifupi magalamu 11. Pa Genesis 23 Sara wamwalira ku Hebroni, ndipo Abrahamu afuna phanga la Makipela kuti amuikemo. Mwini munda, Efroni, atchula mtengo pa chipata cha mudzi anthu akumva: masekeli 400 a siliva. Abrahamu ayeza siliva yense, pa muyeso umene amalonda anali kugwiritsa ntchito, anthu omwewo akuona. Zindikirani kuti nayenso anali pa maliro, maliro a mkazi wake, koma mtengo anaumva bwino.

Ndinatsegula malowo kuti ndione 400 ija inalembedwa bwanji. Mulibe manambala monga tilembera ife. Analemba mawu: arba meot. Me'a ndi 100, ndipo ndi liwu lachikazi, ndiye litenga arba osati arba'a. Baibulo lonse la Chiheberi lili motero, nambala iliyonse inalembedwa ndi mawu athunthu, ngakhale pa kalembera wamtali wa m'buku la Numeri. Ayuda ali nayo njira ina yolembera manambala ndi zilembo, alef kukhala 1, yod 10, tav 400, koma imeneyo ndi ya masiku a mwezi, zaka ndi machaputala. Ngakhale pamenepo amasamala. 15 salemba 10 ndi 5, chifukwa zilembo ziwirizo pamodzi zikhala mbali ya dzina la Mulungu. Amalemba 9 ndi 6.

Ndiye ndinafuna kudziwa: nanga 14 ndi 40 amati bwanji? 14 ndi mawu awiri, arba'a asar kwa zachimuna, arba esre kwa zachikazi. 40 ndi liwu limodzi, arba'im. Makumi onse amathera ndi im, mathero a zinthu zambiri: shloshim 30, khamishim 50, shiv'im 70. 20 ndi esrim, kuchokera ku eser, ngati kunena kuti makumi. 200 ndi matayim, 2,000 ndi alpayim, ndipo ayim ameneyo ndi mathero a zinthu zoyenda ziwiriziwiri, monga yadayim, manja, ndi einayim, maso. Arba esre ndi arba'im khutu silingasokoneze msanga.

Kansi chilankhulo chathu nachonso sichikanandisokoneza. Amayi aja akanati mameda makumi anayi, sindikanalemba khumi ndi anayi. Tinasiya manambala athu chifukwa atalika. Ndani angafuule pa msika kuti makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu pofuna kunena 78? Kasitomala apita usanamalize. Tinatenga a Chizungu chifukwa ndi aafupi, koma anabwera ndi msampha wawo: sate ndi satini, fote ndi fotini, fifite ndi fifitini. Kusiyana kuli kumchira, ndipo kumchira ndi kumene netiweki imadya.

Tsopano katchulidwe, chifukwa ena mwayesa kale kuwerenga mndandanda uja mokweza. Kh amene ndalemba mu ekhad ndi khamesh si wa mu khasu kapena khomo. Ndi phokoso la pa mmero, ngati munthu afuna kuchotsa kaminga ka nsomba. Mabuku a Chizungu amalemba ch, ndiye ife tiwerenga ngati ch wa mu chabe, ndipo tasochera. Kachizindikiro kali mu shiv'a, tish'a ndi arba'a kaimira chilembo chotchedwa ayin. Ayuda ochokera ku Yemen ndi maiko a Aarabu anasunga phokoso lake lozama la pa mmero, koma ambiri ku Israel lero amangodula mawu pang'ono, kapena salitchula konse. Shtayim, shlosha ndi shmone ziyamba ndi zilembo ziwiri zogundana. Lilime lathu lifuna kuikapo i kuti tinene shitayimu, monga tichitira ndi sitolo ndi sukulu. Ligwireni. Ndiponso mawu ambiri a Chiheberi amalemera kumapeto, shaLOSH, khaMESH, pamene SHEva, TEsha ndi Eser amalemera koyamba. Buku limati arBA ndi shmoNE, koma mu msewu mukamva ARba ndi SHMOne.

Pa 8 pali chinthu china. Chiheberi chimalembedwa kwenikweni ndi makonsonanti. Timadontho tosonyeza a, e, i anationjezera alembi otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, pakati pa zaka za m'ma 600 ndi m'ma 900. Baibulo lathunthu lakale kwambiri la Chiheberi limene lili ndi timadontho timeneti, Leningrad Codex, ndi la cha mu 1008. Nyuzipepala za ku Israel siziika timadontho. Popanda ito, shmona ndi shmone zilembedwa chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo. Wowerenga nkhani pa wailesi ayenera kuponya diso pa liwu lotsatira kuti adziwe chotchula. Mwaona kuti tabwerera pomwe paja? Cholembedwa pachokha sichikwana, uyenera kuona chimene chikuwerengedwa.

Koma chimene chinandilanda tulo ndi nambala yoyamba ija. Pa Deuteronomo 6:4 pali mawu amene Myuda wopemphera amanena m'mawa ndi madzulo, ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi. Liwu lomaliza ndi ekhad. Chilembo chake chomaliza, dalet, chifanana kwambiri ndi china chotchedwa resh. Kusiyana ndi kangodya chabe: dalet ili ndi kona yakuthwa, resh ndi yopindika. Kona ikafufutika, ekhad, mmodzi, asanduka akher, wina. Ndiye alembi a mipukutu ya Tora amalemba dalet ameneyo wamkulu kuposa zilembo zinzake. Pa Eksodo 34:14, pamene pali liwu lakuti akher pokamba za mulungu wina, amakuza resh. Ndipo popemphera anaphunzitsidwa kukoka liwu lakuti ekhad, osalimeza. Mabuku a Ayuda amasimba za Rabbi Akiva, amene Aroma anamupha m'zaka za m'ma 130, kuti mpweya wake unatha akukoka liwu limeneli.

Anthu awa anaona kuti kachidutswa komaliza ka liwu kangathe kugwetsa chikhulupiriro chonse, ndiye anakakuza kuti wina asaphonye. Ine kachidutswa komaliza kanali kandipindulira mameda 26, ndiye ndinakasiya kakhale kosamveka.

Usiku wina ndinafika pa sheva, 7. Zilembo zitatu za liwu limeneli ndi zomwezo zimene zili m'liwu la kulumbira: shvu'a ndi lumbiro, shavua ndi sabata ya masiku 7. Pa Genesis 21 Abrahamu ndi Abimeleki akangana za chitsime. Abrahamu apatula ana a nkhosa aakazi 7, ndipo popeza ndi aakazi liwu lake ndi sheva, kuti akhale umboni wakuti chitsime anakumba ndi iye. Alumbirirana, ndipo malowo atchedwa Be'er Sheva, Beereseba wa m'Baibulo lathu, mzinda umene ulipo mpaka lero kummwera kwa Israel. Be'er ndi chitsime. Dzinalo limveka mbali zonse ziwiri, chitsime cha zisanu ndi ziwiri, chitsime cha lumbiro.

Pamenepo ndinamva kuti nambala imene watchula kwa mnzako ndi lumbiro. Pamene ndinaloza 14 ndi chala, ndinalumbira, ndipo amayi aja anakhulupirira lumbirolo kuposa maso awo chifukwa cha malaya oyera amene amandiona nawo pa Sondo. Choipanso, chakhumi m'Chiheberi ndi ma'aser, kuchokera ku eser, monga chathu chichokera ku khumi. Sondo ziwiri ndinaponya chakhumi m'mbale kuchokera pa ndalama zimene mkati mwake munali thukuta la mayi wamasiye.

Loweruka lotsatira ndinapempha anzanga a chilimba kuti anditsogoze, ndinakwera minibasi kupita kumudzi kwawo. Ndinawapeza akusenda nshawa pa mphasa. Ndinati, "Amayi, buku linanama, ndipo amene analinamiza ndine. Munasiya fote. Ndinadziwa kalekale, ndinangokhala chete." Anawerenga ndalama pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Ine ninadziwa kuti ni fote, atate. Koma nanga ningatsutsane na buku?"

Anandiuza kuti mwezi umenewo anagulitsa mbuzi yawo yaikazi kuti mdzukulu asabwezedwe kusukulu. Inali ndi bere. Ndalama ndinabweza zonse, koma mbuzi ija ndi ana ake sizinabwere. Anandikhululukira, anandipatsa ndi madzi akumwa. Nshawa akali kundibweretsera, koma manje abwera ndi mdzukulu uja, ali ndi kabuku kakekake, ndipo zimene ndilemba ine nayenso alemba. Tsiku loyamba zinandiwawa. Lero ndiona kuti achita bwino.

Chomaliza. M'Chiheberi safar ndi kuwerenga zinthu, mispar ndi nambala, sefer ndi buku, sofer ndi mlembi. Onse ndi a muzu umodzi. Ayuda amati alembi akale anatchedwa soferim chifukwa anali kuwerenga zilembo za Tora chimodzichimodzi kuti chisatayike ngakhale chimodzi. Ife tili ndi liwu limodzi pa ntchito ziwiri: kuwerenga Baibulo, kuwerenga ndalama. Mpingo unandipatsa udindo wa kuwerenga. Ndinali kuganiza kuti ntchitoyo ithera pa guwa, kansi ipitirira mpaka pa meda.

Anzanga a malonda, ndikupemphani zinthu zochepa. Mukakamba nambala pa foni, ibwerezeni: fote, folo ziro, makumi anayi. Mukatha tumizani meseji. Musalembe katundu amene simunamuone kapena kufunsa amene anamulandira. Wosadziwa kuwerenga akati nambala yanu yalakwa, tsekani buku choyamba, mukaone masaka. Ndipo ngati pali 14 ina imene yakhala m'buku lanu, inu mukudziwa mumtima kuti ndi 40, musadikire masabata atatu monga ine. Mwina mwini wake lero lino aganiza zogulitsa mbuzi.

Tipemphere. Ambuye, Inu amene muli Mmodzi, tsegulani makutu athu kuti timve mawu a anzathu mpaka kumapeto kwake. Sungani dzanja lathu pa buku ndi pa meda. Kumene tinapindula ndi kumva molakwa, tipatseni mphamvu ya kubweza. Dalitsani malonda a lero, ndi amasiye onse amene akhulupirira mabuku athu. Amen.

Muyende bwino pa malonda. Amene muyese kutchula khamesh, chitani mutameza nshawa zili m'kamwa.